Kangaude Pakati pa Tsache ndi Bokosi la Galasi

Chaka ndi chaka ku Britain kumachitika chionetsero chimene anthu ambiri a m'Malawi muno atachiona angagwire pakamwa. Bungwe lotchedwa British Tarantula Society, limene lidayamba m'zaka za m'ma 1980, limasonkhanitsa anthu m'holo yaikulu, aliyense atanyamula timabokosi toonekera m'kati. M'timabokosimo simukhala nkhunda kapena akalulu ayi, koma akangaude aakulu aubweya, ena otambalala ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Pamakhala oweruza amene amayendera mabokosiwo limodzilimodzi, monga momwe alangizi amayendera ng'ombe pa chionetsero cha zaulimi, ndipo mwini kangaude wooneka bwino koposa amabwerera kwawo ndi mphotho.

Munthu wa ku Ntcheu kapena wa ku Chipata akamva zotere sachedwa kugamula mlandu. Ena amati ndi misala ya anthu okhuta amene asowa chochita ndi ndalama. Ena amatsitsa mawu n'kunena kuti munthu wogona nyumba imodzi ndi kangaude, namamudyetsa, ayenera kuti ali ndi zake zimene akudziwa. Oseka otere sali ku Africa kokha, pakuti ngakhale ku Britain komweko woweta akangaude amayesedwa munthu wosokonekera, ndipo alendo ena amakana kuponda m'nyumba mwake. Koma mlandu umenewu wagamulidwa mofulumira. Woweta kangaude wachita chinthu chimodzi chimene omusekawo sadachitepo: wakhala pansi n'kuchiyang'anitsitsa chilombocho asanachiweruze. Pa chimenechi ayenera kumveredwa. Mlandu ali nawo ndithu, ndipo ndi waukulu, koma si umene anthu amamunenerawo.

Kuweta kangaude wa mtundu wa tarantula n'kosiyana kutalitali ndi kuweta galu kapena mphaka. Bokosi lake limafuna dothi lokwanira kukumbamo una, kakhungwa kobisalamo ndi kambale ka madzi, basi. Chakudya chake ndi nkhululu kapena mphemvu imodzi pa sabata, mwina pa masabata awiri, ndipo wamkulu angathe kukana chakudya miyezi ingapo osadwala. Salira, safuna kusisitidwa, ndiponso sadziwa mbuye wake. Amene wamudyetsa zaka 10 ndi mlendo amene wangofika lero, kwa iye n'chimodzimodzi. Oweta odziwa ntchito yawo samunyamula m'manja chisawawa, osati chifukwa choopa kulumidwa kokha, koma chifukwa mimba yake ndi yofewa kotero kuti akagwa kuchokera patebulo ingathe kuphulika, iye n'kufera pomwepo. Chilombo chimene anthu amachithawa chili ndi chifukwa chachikulu chothawira anthu.

Nthawi yochititsa nthumanzi ndi yofundula. Popeza chikopa cha kangaude n'cholimba ndipo sichitamuka, iye amayenera kuchivula kuti akule. Amayamba waleka kudya, kenaka amaluka kamphasa ka ulusi, nagonapo chagada miyendo ili m'mwamba ngati watsirizika, ndipo oyamba kumene kuweta ena adatayapo akangaude amoyo poyesa kuti afa. Pakapita maola angapo chikopa chija chimang'ambika, iye n'kumasolola miyendo yake isanu ndi itatu pang'onopang'ono, monga munthu wovula malaya othina. Ngati adaduka mwendo, pamalopo pamatuluka wina, wochepa poyamba, umene umakula akafundulanso. Masiku otsatira thupi ndi mano ake zimakhala zanthete, kotero kuti nkhululu yamoyo yoiwalika m'bokosimo ingathe kumuluma mpaka kumupha. Wodya ndi wodyedwa amasinthana malo kwa sabata imodzi. Munthu amene wachezera usiku kuonerera zimenezi sangamutchenso kangaude chinthu chachabechabe. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'dziko la akangaude mwambi umenewu ulibe chotsutsa.

Wamwamuna akakhwima sakhalitsa, amatha chaka chimodzi kapena ziwiri, koma wamkazi wa mitundu ina amapyola zaka 20. Amene adakhalitsa koposa mwa akangaude onse odziwika sadali wa m'bokosi. Adali wa mtundu wina wokumba una n'kuikapo chitseko, m'nkhalango yaing'ono ya North Bungulla kumadzulo kwa Australia. Mayi wina wophunzira kwambiri za akangaude, Barbara York Main, adayamba kulemba za iye mu 1974 akadali kamwana, namupatsa dzina lakuti Number 16 potsata nambala ya chikhomo chimene adazika pafupi ndi una wake. Kangaudeyo adakhala mu una womwewo moyo wake wonse, ndipo adafa mu 2016 ali ndi zaka 43. Ofufuza adapeza chitseko chake chitabooledwa ndi mavu. Nkhani ya una umodzi moyo wonse ikumbukiridwe, pakuti ibweranso kutsogoloku.

Nanga mantha onsewa maziko ake ndi otani? Kunena zoona, akangaude oopsa alipo, ndipo wobisa zimenezi ndi wonama. Kummwera kwa Africa kuli kakangaude kakuda konyezimira, ka mimba yobulungira ngati batani, ka m'gulu la Latrodectus, kamene ululu wake umagwira mitsempha ndipo wolumidwa ayenera kuthamangira kuchipatala. Kuli enanso ochepa amene amasiya chilonda chochedwa kupola. Koma mndandanda wa akangaude a pa dziko lonse, umene umasungidwa ku Bern m'dziko la Switzerland, udakwana mitundu 50,000 mu 2022, ndipo mwa imeneyi yovulaza munthu kwenikweni ndi yowerengeka. Tarantula, amene amaopsa kwambiri pomuona, akaluma zimapweteka, ndipo mitundu ina ya ku Africa ndi ku Asia imachititsa minofu kukokana kwa masiku angapo. Komabe palibe imfa ya munthu imene idatsimikizika kuti idadza ndi ululu wake. Ngakhale ku Australia, kwawo kwa kangaude woopsa wotchedwa funnel-web, sikudalembedwenso imfa yochokera kwa iye chiyambire kugwiritsa ntchito mankhwala olimbana ndi ululu wake mu 1981.

Dzina lakuti tarantula lenilenilo lidabadwa ndi bodza. Lidachokera ku mzinda wa Taranto kummwera kwa Italy, kumene anthu akale ankakhulupirira kuti wolumidwa ndi kangaude wina wa m'minda sangachire pokhapokha atavina mpaka kugwa, ndipo oimba ankaitanidwa kudzaimbira odwala. Kangaude amene ankamunenayo lero akudziwika kuti saopsa munthu. Bodza lotere silidathere ku Taranto. Mu 2022 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Stefano Mammola lidasanthula nkhani za m'manyuzi zoposa 5,000 zonena za akangaude, zochokera m'maiko 81, ndipo lidapeza kuti pafupifupi theka la nkhanizo lidali ndi zolakwa, ndipo zambiri zidalembedwa mokokomeza kuti owerenga achite mantha. Atolankhani ali ndi gawo lawo pa mlanduwu.

Tsono munthu ayerekeze kangaude ndi udzudzu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limawerengera kuti malungo amapha anthu pafupifupi 600,000 pa chaka, ochuluka mwa iwo ana aang'ono a mu Africa. Koma ndi angati amene amakuwa n'kukwera pampando ataona udzudzu? Mayi yemweyo amene amagona osatsitsa masikito chifukwa kwatentha, m'mawa amatenga tsache kukasasa ukonde wa kangaude pakona, pamene ukondewo wakola udzudzu umene ukadaluma mwana wake. M'mbali mwa nyanja ya Victoria, ku Kenya ndi ku Uganda, kuli kakangaude kodumpha kotchedwa Evarcha culicivora, kamene Robert Jackson ndi Fiona Cross adakafufuza kwa zaka zambiri; adapeza kuti kakapatsidwa mwayi wosankha, kamasankha udzudzu waukazi umene wangoyamwa magazi, makamaka wa mtundu wa Anopheles, womwe umafalitsa malungo. Sikuti akangaude angathetse malungo, ndipo wonena zimenezo angakhale akukokomeza monga atolankhani aja. Koma ntchito yawo si yochepa. Martin Nyffeler ndi Klaus Birkhofer adawerengera mu 2017 kuti akangaude onse pamodzi amadya matani 400 miliyoni mpaka 800 miliyoni a tizilombo pa chaka, pamene nyama ndi nsomba zimene anthu onse amadya ndi pafupifupi matani 400 miliyoni.

Ena amati mantha amenewa ndi obadwa nawo, ndipo pang'ono akunena zoona. Kafukufuku wa mu 2017 wa ofufuza a ku Leipzig ndi ku Uppsala adaonetsa kuti makanda a miyezi isanu ndi umodzi amatong'ola maso kwambiri akaona chithunzi cha kangaude kusiyana ndi cha duwa. Koma kutchera maso si chidani. Chidani ndi kunyansidwa mwana amaziphunzira pa nkhope ya amake, ndipo umboni wake uli m'mbale. Mzungu akaona mbewa zowamba m'mphepete mwa msewu wa ku Dedza, kapena mphalabungu ndi ngumbi pamsika, amatembenuza nkhope. Mmalawi yemweyo amene akumuseka Mzunguyo angathawe atafika ku Skuon m'dziko la Cambodia, kumene akangaude aakulu amakazingidwa ndi adyo n'kumagulitsidwa kwa apaulendo. Anyani amasekana zikundu. Ndipo kwa Aakani a ku Ghana kangaude ndiye Ananse, mwini nthano ndi nzeru, amene ali pa malo omwe kalulu ali nawo m'nthano za Achewa.

Kangaude sali yekha pa mndandanda wa zolengedwa zodedwa. Kadzidzi akalira padenga anthu amati kugwa maliro, ndipo amagendedwa, chonsecho iye wabwera kudzasaka makoswe amene akutha chimanga m'nkhokwe. Bilimankhwe, amene alibe ululu ngakhale pang'ono, akusenzabe mlandu wa m'nthano wakuti adachedwa ndi uthenga wa moyo mpaka buluzi adamupitirira ndi uthenga wa imfa. Fisi ndi mleme adakankhidwira kwa afiti. Chodabwitsa n'chakuti zilombo zimene zimaphadi anthu m'midzi ya m'mbali mwa madzi ndi nkhalango, monga mvuu, njovu ndi ng'ona, zimatchulidwa mwaulemu, zina zimajambulidwa pa zikwangwani zokopera alendo, pamene zodedwazi tchimo lawo lalikulu ndi nkhope ndi kuyenda usiku.

Kuti kunyoza cholengedwa chonyansa kuli ndi mtengo wake, dziko la India lidaphunzira mowawa. Kumeneko miimba idali yosawerengeka, ndipo inkamaliza mtembo wa ng'ombe m'kanthawi kochepa. M'zaka za m'ma 1990 idayamba kufa, ndipo mitundu itatu idachepa ndi gawo loposa 95 pa 100 alionse. Chifukwa chake chidadziwika mu 2004: mankhwala otchedwa diclofenac, amene ankabaya ng'ombe zodwala, ankaononga impso za miimba yodya mitemboyo. Boma lidawaletsa pa ziweto mu 2006, madzi atafika kale m'khosi. Mitembo idaolera poyera, madzi adaipa, agalu osowa mwini adachuluka pamodzi ndi chiwewe. Eyal Frank ndi Anant Sudarshan adawerengera mu 2024 kuti kutha kwa miimba kudaonjezera imfa za anthu pafupifupi 500,000 pakati pa 2000 ndi 2005. Mbalame yadazi, ya khosi losupuka, imene palibe adaiyimbirapo nyimbo, ndiyo inkagwira ntchito ya zaumoyo popanda malipiro.

Mpaka pano woweta akangaude waoneka wolungama. Tsono nayenso aimirire pabwalo, pakuti funso limene anthu omuseka safunsa ndi ili: kangaude ali m'bokosiyo adachokera kuti?

Chikondi cha oweta chidabala msika, ndipo msika ulibe chisoni. Tarantula wa mawondo ofiira wa ku Mexico, wofatsa ndi wokongola, adakumbidwa mochuluka kotero kuti mu 1985 adalembedwa m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a zachilengedwe pakati pa maiko. Mu 2019 pangano lomweli lidaonjezera gulu lonse la Poecilotheria la ku India ndi Sri Lanka. Mmodzi wa gulu limeneli, wobiriwira ngati thambo, amapezeka m'kadera kochepa ka nkhalango ku Andhra Pradesh ndipo ali pafupi kutheratu. Kukongola kwake ndiko kwamuika pa ngozi. Koma mitundu yolembedwa m'panganoli ndi yochepa kwambiri. Mu 2022 Benjamin Marshall, Alice Hughes ndi anzawo adafufuza malonda a pa intaneti ndi mabuku a katundu wolowa ku America, napeza mitundu 1,264 ya akangaude, zinkhanira ndi abale awo ikugulitsidwa, ndipo pafupifupi ziwiri mwa zitatu zilizonse zidatengedwa kutchire. Mu Novembala 2024 pa bwalo la ndege la ku Lima, m'dziko la Peru, adagwira mnyamata wa ku South Korea amene mimba yake inkaoneka yotupa modabwitsa. Atamuvula adapeza kuti wadzimangirira akangaude 320 m'timatumba.

Apa ndi pamene una wa Number 16 ukubwereranso. Kangaude wokumba una amakula mochedwa, amatha zaka asanayambe kuswa, ndipo sasamuka. Mitundu yambiri imakhala pa phiri limodzi kapena m'chigwa chimodzi chokha. Wokumba amafuna aakazi aakulu chifukwa ndiwo a mtengo wapatali, ndipo anthu awiri okhala ndi khasu angathe kumaliza m'sabata imodzi mudzi wa akangaude umene udatenga zaka makumi angapo kuti ukhazikike. Tsache la mayi uja limapha mmodzi; khasu la wamalonda limazula mbumba.

Nkhaniyi si ya kutali. Akangaude aakulu okhala m'mauna kummwera kwa Africa, amene ku South Africa amawatcha baboon spider chifukwa miyendo yawo imafanana ndi zala za nyani, ndi ena mwa okondedwa pa msika wa ku Europe ndi America. Pali Ceratogyrus marshalli wa ku Zimbabwe ndi Mozambique, wokhala ndi kanyanga pamsana. Pali Ceratogyrus meridionalis, wopezeka m'Malawi ndi Mozambique. Palinso Pterinochilus murinus, wofiirira ndi waukali, amene oweta amamutchula mwamantha ndi monyadira. Ambiri mwa ogulitsidwa lero adaswedwera m'mabokosi, koma makolo awo adakumbidwa m'nthaka ya mu Africa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mnyamata wa ku Germany angathe kulongosola kadyedwe ndi kaswedwe ka kangaude wa ku Malawi pamene mwana wa sukulu wa m'dera lomwe kangaudeyo amakhala adangophunzira kumuphwanya ndi mwala. Si kuti anthu akumudzi sadziwa kanthu. Pamene John Midgley ndi Ian Engelbrecht adalongosola mtundu watsopano wa ku Angola mu 2019, wa nyanga yaitali yofewa, anthu a m'deralo adali akuudziwa kale ndi dzina lawolawo, ndipo zina za moyo wake ofufuzawo adazimva kwa iwo. Nzeru zotere zilipo, koma zikutha ndi nkhalamba chifukwa palibe amene amaziyesa nzeru.

Oyang'anira zipata za maiko adaphunzitsidwa kufunafuna minyanga ya njovu, nyanga za chipembere ndi mamba a ngaka, ndipo achita bwino. Koma kangaude amakwana m'kabotolo ka mapiritsi. Dziko la Kenya lidatsegula maso mu 2025 pamene anyamata awiri a ku Belgium adapezeka ndi nyerere zazikazi pafupifupi 5,000 m'timachubu, zopita kwa oweta nyerere kunja. Khoti lidawalamula kulipira mashiling'i 1 miliyoni aliyense kapena kukhala m'ndende chaka chimodzi. Anthu ambiri adaseka kuti munthu angamangidwe chifukwa cha nyerere. Kuseka kumeneko ndiko kumene wozembetsa amadalira, pakuti chinthu chimene eni ake amachinyoza sachilondera, ndipo chimatuluka pachipata masana dzuwa likuswa mtengo.

Choncho woweta amene afuna kuti anthu amulemekeze ayenera kuyamba wayankha funso lija. Tarantula wamkazi mmodzi amaikira mazira mazanamazana m'thumba limodzi, kotero kuti oswedwera m'mabokosi ndi okwanira aliyense wofuna kuweta. Wogula wamkulu wokumbidwa kutchire chifukwa safuna kudikira kuti kamwana kakule, kapena wothamangira mtundu umene wangotulukira kumene pofuna kupambana anzake, sasiyana ndi wogula mnyanga wa njovu, ngakhale atamalankhula mokoma chotani za kukonda chilengedwe. Mabungwe a oweta ndiwo ali ndi mphamvu yothetsa khalidweli, chifukwa amadziwana, ndipo amadziwa bwino amene amabwera ndi katundu wosalongosoka.

Kwa anthu ena onse, amene sadzaweta kangaude ndipo safuna n'komwe, palibe amene akuwapempha kuti amukonde. Chofunika n'chochepa kuposa pamenepo, ndipo chimaphunzitsika. Mphunzitsi wa sayansi amene angatulutse ana kukaona ukonde wa kuseri kwa kalasi m'mawa mame asanaume, n'kuwerenga nawo tizilombo tokodwamo, n'kuwasonyeza kakuda ka mimba yobulungira kaja kuti ako kokha asakakhudze, wachita zambiri kuposa mutu wonse wa m'buku. Ku London Zoo kuli maphunziro a tsiku limodzi, amene adayamba mu 1993, othandiza anthu amene mantha a akangaude adawafika poipa, ena osatha kulowa m'chipinda chimene adaonamo kangaude dzulo lake. Amayamba ndi kufotokozeredwa za mantha ndi za moyo wa akangaude, ndipo ofuna amaloledwa kuyandikira tarantula. Koma mayeso enieni a tsikulo ndi ena: aliyense amapatsidwa kapu ndi kapepala kolimba, avundikire kangaude wamba wa m'nyumba amene akuthamanga patebulo, alowetse kapepalako pansi pa kapuyo, amunyamule, kenaka amumasule.